Ndime Yosapempherera

Tsiku limenelo dzuwa silinatuluke. Mitambo inangoti bii chakunyanja ya Chilwa, mvula osagwa, kamphepo kakubwera ndi fungo la matemba ouma. A Makisoni anali pakhonde akunola chikwakwa. Chinali chitathwa kale, koma iwo ankanolabe.

Maliro a akazi awo, a Dailesi, anali atangoikidwa kumene. Pamkeka, patsinde pa mtengo wa mango, panakhala alamu awo a Fanuelo, eni mbumba, pamodzi ndi a Edwadi, mphunzitsi wa ku yunivesite ku Zomba.

A Edwadi ankalemba buku pa funso limodzi: munthu akachira, amadziwa bwanji chimene chamuchiritsa, kaya ndi mapilitsi, pemphero kapena mizu? Anafunsa anthu kuyambira ku Kachulu mpaka ku Songani, koma anadzakhazikika pa a Dailesi, amene ankadwala shuga ndipo sankameza pilitsi asanalipempherere. Njinga yamoto ya a Edwadi ikangomveka, a Dailesi ankasintha chitenje. Ankacheza pamtengo womwewo, kamakina kojambulira mawu kali pakati, mayiwo akuseka kuseka kumene a Makisoni anali atakumva komaliza ana asanabadwe.

Kumanda a Edwadi analankhula mpaka amayi a Mvano anagwedeza mitu. "Koma ankawadziwatu mayiwa," anatero wina. A Makisoni atapatsidwa mpata anangoti, "Zikomo pobwera," nakhala pansi.

"Alamu, tasenderani," anaitana a Fanuelo. "Chikwakwacho mukufuna chimete ndevu?"

A Makisoni anapita nacho m'manja, nakhala kumapeto kwa mkeka.

"Nkhani ndi ziwiri. Yoyamba mukuidziwa. Munabwera pano ngati mkamwini, mwatisungira mlongo wathu bwino. Mpungawu mukakolola tidzakusudzulani mwaulemu, mubwerere kwanu momasuka."

"Ndamva."

"Yachiwiri, aphunzitsiwa akufuna dzina la malemu lilowe m'buku lawo. Ine ndavomera kale. Dailesi ndi wathu, dzina lake likafike kunja."

A Makisoni anayang'ana chikwakwa. Iwo sanafunsidwe.

A Edwadi anakonza kukhosi. Maso awo anali ofiira, ndipo zimenezi zinawapweteka a Makisoni kuposa zonse. Munthu wobwera panjinga yamoto alire chiyani?

"Bambo, pepani kuti ndabwera misozi isanaume. Pali chimodzi chimene mungandithandize ndi inu nokha. Ndime ziwiri zija."

Ndime zija mudzi wonse unkazidziwa. Tsiku lina a Edwadi anafunsa kuti, "Mayi, mumadziwa bwanji kuti pemphero limagwira ntchito?" A Dailesi anawomba m'manja: "Mulungu sayesedwa, achimwene a mafunso. Koma mpunga tikhoza kuuyesa." Anagawa munda pawiri ndi kamzere ka dothi. Mbewu imodzimodzi ya Faya, feteleza wofanana, kuwokera tsiku limodzi. Ndime yakummawa aziipempherera m'mamawa uliwonse, yakumadzulo ayi. Pokolola adzayeze.

"Sikuti mpunga ungatiuze za Mulungu," anapitiriza a Edwadi. "Mayi ankadziwanso zimenezo. Koma kuti munthu wopemphera chotero n'kulimba mtima kusiya ndime imodzi yopanda pemphero, chifukwa chofuna kudziwa, pamenepo m'pamene pagona mutu wonse wa buku langa. Ndiye ndifunse mboni. Inu munkakhala nawo kumunda. Ndime yakumadzulo ija, simunawaonepo akuipempherera, ngakhale kamodzi?"

A Makisoni anayendetsa chala pamsana pa chikwakwa.

Zoona zake, a Makisoni anawaonapo. Kunali m'mamawa, mame ali mbuu, mpunga utayamba kutulutsa ngala. Iwo anali kuseri kwa bango akumanga zingwe zoopsezera mbalame. A Dailesi anamaliza kupemphera pandime yakummawa, nadzuka, nayang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku. Kenako anakwinya chitenje, nadumpha kamzere kaja, nagwada m'matope a ndime inayo. Anapemphera nthawi yaitali kuposa koyamba. Podzuka, maso awo anakumana.

"Mwaona chiyani inu?" anafunsa a Dailesi.

"Palibe."

"Eya. Nanga yalakwanji? Ndiisiye ngati mwana wamasiye, inzake ikudya madalitso ili pomwepa?" Ndipo anaseka, kuseka kuja, kumunda kopanda kamakina, kopanda mlendo. Kuyambira tsiku limenelo ankadumpha kamzereko mosabisala, a Makisoni n'kumayang'ana kumbali.

Tsopano mawu anali pakamwa, otsekemera ngati nzimbe. Kungoti "ankaipempherera", mutu wa buku uja ugwe ngati nkhokwe yodyedwa ndi chiswe. Aone nkhope ya munthu amene anauza mudzi wonse kumanda kuti ankawadziwa a Dailesi.

Koma kamakina kanali pamkeka, kagetsi kake kofiira kakuphethira. A Makisoni ankamudziwa munthuyu. Akanakhumudwa pang'ono, kenako akanamenya ntchafu n'kunena kuti izi ndiye zokoma kuposa zoyamba zija. Akanazitembenuzira m'Chingerezi, anthu osadziwa n'komwe fungo la matope a kuno n'kumawerenga za kudumpha kwa a Dailesi. Nyumba ndi ya mbumba. Ana ndi a kwa a Fanuelo. Mawu onse a malemu ali m'kamakina. A Makisoni adzangonyamula khasu, njinga yakapalasa ndi bulangete. Nanga ichinso apereke?

"Alamu, akukufunsanitu," anatero a Fanuelo. "Kapena tikabwereke pakamwa kwa aneba?"

"Ine ndinkapirikitsa mbalame."

"Ndiye simunaone kanthu?" anafunsa a Edwadi.

"Mbalame zinali zambiri."

A Fanuelo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndinakuuzani, aphunzitsi. Awa mukhoza kuwajambula chaka chathunthu, mudzangomva mphepo. Mlongo wanga ankalankhulira onse awiri."

A Edwadi anazimitsa kamakina. Anawayang'ana a Makisoni kanthawi, ngati akufuna kufunsanso, koma anangoti, "Zikomo, bambo. Ndidzabwera tsiku lokolola."

"Mudzabwere."

Njinga yamoto italowera kumsewu, a Fanuelo anapita kukaona za mbale ndi mabenchi obwereka pamaliro. A Makisoni anapachika chikwakwa kudenga la khonde, natsika kanjira ka kudambo. Mpunga unali utawerama mbali zonse ziwiri, ngala zolemera mofanana. Mbalame zinauluka zitawaona.

Iwo sanali munthu wa mapemphero. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, nyimbo n'kumangoitsatira ndi milomo. Anaima pakamzere kaja, nayang'ana uku ndi uku. Kunalibe munthu. Anavula chipewa, napinda buluku mpaka m'mawondo, nagwada m'matope a ndime yakumadzulo.