Kapasita ya Makutu

Mayi wina, injiniya, anatha milungu itatu akukonza ampulifaya pa kompyuta asanagwire waya ndi mmodzi yemwe. Ankafuna chipangizo chokweza timawu ta chiswe chikamadya thabwa m'kati, kuti eni nyumba adziwe denga lisanawagwere. Vuto lake n'lakuti ampulifaya iliyonse imakhala ndi phokoso lakelake, lija loti shiii, ndipo likakula limameza zomwe ukufuna kumva. Mayiyu anasintha manambala, kuyesa, kusinthanso, mpaka kompyuta inaonetsa kuti phokoso lagona pansi.

Bolodi yeniyeni, kathabwa komatapo tizipangizo ta ampulifayayo, anaiwotcherera a Mawaya, mmisiri wa mu labu, bambo wa imvi wosatha nthabwala. Lolemba m'mawa anaiyatsa. Mzere wobiriwira pa sikirini yoyezera unayenda bwinobwino, kenako unadumpha. Unakhala phee, n'kudumphanso.

"Izi pa kompyuta panalibe," anatero injiniya.

Anazimitsa fani. Anazimitsa magetsi a kudenga. Mafoni onse awiri anakawasiya pakhonde. Mzere unkadumphabe nthawi imene wafuna.

"Mwina chiswecho chamva kuti mukuchisaka, Mayi, ndiye chayamba kukuimbirani chokha," anatero a Mawaya, n'kuseka chikhakhali.

Mzere unalumpha mpaka pamwamba. Injiniya anawayang'ana, n'kuyang'ana sikirini.

"Tasekaninso."

"Kuseka kochita kulamulidwa? Ndine wailesi ine?"

Pa mawu aliwonse mzere unkanjenjemera. Onse anakhala chete, nawonso unagona. Chodabwitsa n'chakuti maikolofoni anali asanailumikize, inali ikadali m'katoni pa shelefu.

"Ndiye chikumva ndi chiyani?" ananong'ona a Mawaya.

Injiniya anatenga pensulo n'kuyamba kugogoda tizipangizo ta pa bolodi, kamodzikamodzi, ndi mbali ya labala. Koyamba, zii. Kachiwiri, zii. Atafika pa kapasita ina, kachipangizo kosunga magetsi, yaing'ono ngati njere ya mpunga, pafupi ndi polowera mawu, mzere unachita ngati walumidwa.

Anakhala pansi n'kutsegula pepala la fakitale lofotokoza za kapasitayo. Inali ya mtundu wa dongo lowotcha, ndipo ina ya mtunduwu ikagwedezeka imatulutsa timagetsi tochepa. M'wailesi wamba palibe angadziwe. Koma ampulifaya yake inkakweza chilichonse kambirimbiri, ndiye kugwedezeka kwa tebulo ndi mawu a munthu zinkaoneka.

"Kompyuta ija ndinaiuza kukula kwa kapasita basi," anatero. "Sindinaiuze kuti yapangidwa ndi chiyani."

"Zaka makumi atatu ndikuwotcherera timeneti, osadziwa kuti timamva miseche yanga!" anatero a Mawaya.

Injiniya anafufuza m'madirowa n'kupeza kapasita ina ya pulasitiki, yaikulu moti inachita kupendekeka pa bolodi. A Mawaya anaiwotcherera, utsi wa mtovu uli tolo, kenako anaweramira bolodiyo n'kukuwa kuti, "Odi kuno!" Mzere sunagwedezeke.

Injiniya anamwetulira, koma pensulo sanaisiye. Anagogoda tebulo, zii. Anagogoda bokosi la batire, zii. Kenako anakhudza nthambo yakuda yopita ku sikirini, n'kuipinda pang'ono. Mzere unatukula mutu, pang'ono zedi.

"Iyinso?" anafunsa a Mawaya.

"Kaya. Tabweretsani nthambo zonse zili m'kabatimo, tiziyese imodziimodzi."

A Mawaya anabwera nazo khumi ndi ziwiri zitapiringizana, nakokera mpando pafupi.