Kusamala Amayi a Eni

Eluby wa ku Nthalire, kumpoto, ankagwira ntchito pa Boma, kunyumba kwa Mayi Tiyamike, mkulu wa bungwe lina loona za ufulu wa amayi. Ankasamala mayi awo a bwanayo, amene anafa ziwalo mbali imodzi: kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala. Gogoyo anali wa ku Zomba ndipo Chichewa cha Eluby sankachimva bwino, choncho tsiku linkatha awiriwo akungoyang'anana.

Lachiwiri lina m'mawa foni inalira. Mayi ake a Eluby anali atagwa kumunda, sakudzuka.

"Madamu, ndiloleni ndipite kumudzi."

Mayi Tiyamike anakhala pansi, nsapato ili m'manja. "Sabata ino, Eluby? Kwabwera mzungu wotithandiza uja. Alongo anga ku Lilongwe sayankha n'komwe foni. Amayiwa ndiwasiyira ndani? Pirirani mpaka Loweruka, chonde."

Eluby anapirira.

Mzunguyo, dzina lake Rebecca, anabwera kudzamwa tiyi Lachinayi. Anacheza ndi Mayi Tiyamike nthawi yaitali m'Chingerezi za ntchito zimene akazi amagwira popanda wowayamika. Potuluka anapeza Eluby pakhonde akupaka gogo mafuta kumapazi, ndipo anapempha kumujambula.

"Akuti muli ndi manja abwino," anamasulira Mayi Tiyamike. Eluby anamwetulira chifukwa anauzidwa kuti amwetulire. Za kwawo palibe anamufunsa.

Loweruka anakwera lole ya matola, nafika fumbi lili mpaka m'nsidze. Pabwalo anapeza mwana wake Chrissy, wa Fomu 2, akuchapa zofunda za agogo ake.

"Monire, amama."

"Kusukulu wapitako sabata ino?"

"Nanga agogo akhale ndi ndani? Amalume amangodzasuzumira pakhomo n'kumapita."

Eluby analowa m'nyumba. Mayi ake anali gone pamphasa, pakamwa patapotoka. Anagwada, nalowetsa mkono kunsi kwa phewa lawo kuti awatembenuze. Mayiwo anabuula.

"Asiyeni, amama," anatero Chrissy ali pakhomo, manja ali thovu lokhalokha. "Mbali imeneyo imawapweteka. Ndichita ndine."

Eluby anasuntha. Anatsamira khoma n'kumayang'ana mwana wake akupinda nsalu, kuiika pansi pa chiuno cha agogo, kenako n'kuwapukuta malovu. Sanadziwe kuti zonsezi mwanayo anaziphunzira kuti.

Anatenga ndowa napita kumjigo. Amayi amene anawapeza kumeneko anamupatsa moni wa alendo, namupatukira kuti atunge msanga.