Malo a Dalmiro Pabenchi

"Masentimita makumi awiri ndi awiri," anatero Amadeo, akukulunga tepi yake yoyezera. "Ndimayesa atuluka wokulirapo."

Nilda anapitiriza kupukuta mbale. Kabokosi kamatabwa kamene mchimwene wake ankayezako kanafika dzulo lake kuchokera ku Rosario, kumene anakatentha mtembo wa Dalmiro, chitsiriza m'banja mwawo. Kanali patebulo la kukhitchini, pakati pa shuga ndi wailesi, poti ndi pomwe mwini wake ankakonda kukhala. Anamwalira Lolemba ali ndi zaka 53, mtima utamuvuta masiku awiri okha, ngati munthu wosafuna kutayitsa anzake nthawi.

"Mukumuyezeranji, achimwene? Mukufuna kumusokera suti?"

"Mbendera ya kalabu. Sangalowe m'bwalo ali wamaliseche."

Amadeo anali ndi sitolo ya zitsulo za mathirakitala, komanso anali wapampando wa kalabu ya mpira ya m'tauni mwawo. Chisankhidwireni pa mpandowo, ankayankhula ngati pali chimkuzamawu chimene wina wamubisira pafupi. Anafotokoza dongosolo lonse ataimirira. Lamlungu masewero asanayambe, bandi ya ozimitsa moto idzaimba, a meya adzakhalapo, iye adzayankhula pang'ono, kenako phulusa lidzamwazidwa pamalo omenyera penate, kugolo ya kumbali ya nkhokwe za soya. M'golo imeneyo munali kale anthu asanu ndi awiri amene anakonda timuyo mpaka kufa, kuphatikizapo galu wa mlembi wakale amene anamulowetsa mozemba.

Anatulutsa kachitsulo konyezimira m'chikwama, nakaika pambali pa kabokosi. Nilda anavala magalasi. Panalembedwa kuti: Dalmiro Brunengo, mkango wakutsogolo. Mayiko asanu ndi awiri, matimu khumi ndi limodzi, zigoli 214.

"Zingati?"

"Ukudziwa kuwerenga."

"Mwaphatikiza ndi zija ankagoletsa kuseri kuno pakati pa mitengo ya malalanje? Mwini wake ankati 41."

"Dalmiro ndi masamu sankamwerana madzi. Nanga za pokonzekera? Nanga zomwe oyimbira anamukanira mwansanje?"

Nilda anavula magalasi aja n'kuwapinda. "Sakulowa m'bwalo, achimwene. Anandiuza."

Anali atamuuza kawiri. Koyamba kanali chaka chatha, akuchokera komwaza phulusa la wogulitsa nyama. Dalmiro anati, "Ine musadzandilowetse. Kochi sanandiitane. Mudzandisiye pabenchi ya odikira, kumapeto, pafupi ndi chidebe cha madzi." Nilda anaseka. Kachiwiri kanali kuchipatala, Lamlungu madzulo. Anabwereza mawu omwewo, atamugwira dzanja, ndipo panalibe woseka.

"Amenewo anali mankhwala akuyankhula," anatero Amadeo. "A meya avomera. Nyuzipepala ya ku Rosario ikutumiza munthu. Ndiye ndikawauze kuti womwetsa zigoli wamkulu amene tauni ino inabala akathiridwe pansi pa benchi, pomwe anthu amalavulira makoko a mpendadzuwa?"

"Mukawauze zimene mungathe. Ine ndinalonjeza."

"Unalonjeza munthu wodwala. Ine ndalonjeza tauni yonse."

Anatenga kachitsulo kake n'kutuluka. Kabokosi anakasiya, chifukwa ngakhale wapampando ankadziwa mwini khitchini.

Dalmiro anachoka m'tauniyo ali ndi zaka 19, kochi wa nthawiyo atamuuza kuti amathamanga ngati wasenza kabati. Anakwera basi, kenako ndege, ndipo anakhala kunja zaka 19 zinanso: Bolivia, Mexico, Greece, Cyprus, Malta, ndi kwina kumene Nilda ankangokudziwira pa masitampa. Anali matimu a m'magulu achiwiri, amene wailesi ya kanema sinkadziwa n'komwe kuti alipo. Masiku amenewo kunyumba kunalibe foni, choncho Lamlungu lililonse Dalmiro ankaimba kusitolo, ndipo Amadeo ankatsegula dala kuti akalandire. Akaika foni, ankakiya n'kulunjika kubala ya kalabu kukapereka lipoti. Mmenemo ndi momwe Dalmiro ankagoletsa ziwiri ziwiri, nthawi zina zitatu kukakhala kuti omvera ndi ambiri.

Atabwerera, mawondo atatha, analowa m'chipinda chakumbuyo kwa Nilda n'kuyamba kuyendetsa lole ya tirigu. Sanatsutse za kubala zija, sanazivomerezenso. Akamufunsa za ku Ulaya ankangoti, "Kumazizira."

Loweruka m'mawa Amadeo anaimba foni. Za mkangano wawo wa Lachinayi kukhitchini kuja sanazitchule. Ankafuna majezi a Dalmiro oti akawapachike pawaya wa bwalo, mtolankhani akawajambule. Nilda anakoka masutikesi awiri pansi pa bedi la malemu. Majezi anapezamo atatu. Zina zonse zinali zijasi, zazitali zofika m'mawondo, zonenepa ngati matiresi, chilichonse ndi chizindikiro cha timu yake pachifuwa: zijasi zimene amavala okhala pabenchi. Anaziyala pabedi n'kuziwerenga. Zinali khumi ndi chimodzi. Majezi anali ngati atsopano. Zijasizo zinali zoperepeseka kumatako.

Foni ya Dalmiro, imene Nilda anali asanalimbe mtima kuizimitsa, inali ndi uthenga wamawu wochokera kunja. Anakhala pakati pa zijasi n'kuutsegula. Anali mwamuna wa mawu okhuthala, woyankhula Chisipanishi chopindika, koma matukwano ake anali a kwawo konkuno, ndendende mmene ankawatchulira malemu.

"Mayi, pepani, ndamva za Dalmiro. Ndine Stavros, wa ku Greece. Ndinali goloboyi wachiwiri. Zaka zitatu ndinakhala pambali pa galu ameneyu. Ine ndinkafuna kusiya mpira, ndikathandize bambo anga kugulitsa nsomba. Iye akuti, 'Khala pansi, chitsiru iwe, tili pantchito.' Ine ndikuti ntchito yanji, tikungotenthetsa thabwa? Akuti, 'Taona nambala 4 uyo, mwendo wakumanzere wayamba kutsalira.' Masewero onse iye ankangoyang'ana miyendo ya anthu. Akamulowetsa kutatsala mphindi khumi, ankadziwa kale koti akaime. Chaka china tinatsala pang'ono kutsika gulu. Anagoletsa ndi bondo, mayi, chigoli chonyansa kwambiri chimene ndinaonapo. Kwathu anthu amachikumbukabe."

Munthuyo anamina, kenako anapitiriza.

"Ndiye chakumwa chanu chowawa chija, yeriba. Ankabwera ndi chikho ndi fulasiki pabenchi, kochi akulusa. Choyamba ankamwa yekha, akuti n'chowawitsa. Chachiwiri ankapatsa ine nthawi zonse. Ankati goloboyi wachiwiri ndiye ayambe, chifukwa pabenchi ponse ndi yekhayo amene akudziwiratu kuti salowa. Mpaka lero ndimamwa. Mkazi wanga amati ndi udzu wa mbuzi. Basi, mayi. Pepani."

Nilda anaumvera kawiri. Kenako anapinda majezi atatu aja, nawaika m'pepala kuti Amadeo adzawatenge.

Lamlungu kunacha ndi mphepo ya kummwera, ija imadutsa m'minda yopanda mtengo n'kufika pabwalo isanapume. Anthu anabwera ambiri ndithu, ena chifukwa cha Dalmiro, ena chifukwa cha nyama yootcha imene kalabu inalengeza. Nilda anafika atavala chijasi cha ku Cyprus, chobiriwira, chomulekeza m'akakolo. Kabokosi anakafungatira kumanja, katakutidwa ndi mbendera monga mwa muyeso. Kumanzere anakolekera chikwama cha fulasiki.

"Wavala chiyani?" Amadeo anafunsa, ali mu suti yakuda.

"Kukuzizira."

Amadeo anaona kabokosi ndi mbendera yake, naganiza kuti nkhani ija inatha. Bandi inayamba. Amadeo anatsogola, a meya pambuyo pake, Nilda kumapeto. Anayenda m'mbali mwa bwalo mpaka pakati, pomwe amalowera osewera. Amadeo anadutsa mzere woyera chifuwa chili patsogolo. A meya anadutsa. Nilda anaima pamzerepo, zala za nsapato zitatsala pang'ono kuukhudza. Kenako anakhota, napita pabenchi ya timu yakwawo, nakhala kumapeto, pafupi ndi chidebe cha madzi.

Amadeo sanaone. Anafika pamalo a penate, nalandira chimkuzamawu chenicheni, chimene wakhala akuchiyembekezera moyo wake wonse, nayankhula mphindi khumi ndi ziwiri. Anatchula mayiko onse asanu ndi awiri. Anatchula 214 kawiri. Pomaliza anatambasulira dzanja kumbuyo kuti alandire kabokosi, dzanjalo n'kugwira mkono wa a meya.

Bandi inkadziwa nyimbo ziwiri, choncho inayambiranso yoyamba. Amadeo anabwerera kubenchi akuyenda mwaulemu, ngati zimenezi zinali pa dongosolo. Anawerama.

"Nilda, dzuka. Anthu akuona."

"Aone."

"Ukundivula pagulu, iwe. Pamaso pa a meya."

"Lamlungu lililonse ankakuimbirani kusitolo, achimwene. Zaka 19. Ine sindinamvepo mawu ake, ndinkangomva anu. Ankati chiyani?"

Amadeo anayang'ana anthu, nayang'ana kabokosi. Osewera odikira, amene anali atakhala kale pabenchipo, onse anapeza chochita ndi zingwe za nsapato zawo.

"Ankati, 'Ndasewera mphindi zisanu ndi zinayi.'" Mawu ake anatsika, chimkuzamawu chobisika chija chinazima. "Tsiku lina n'kumati, 'Lero sindinalowe, koma tapambana.' Akusangalala, Nilda! Chinkandiwawa n'chimenecho. Munthu wawoloka nyanja, wasiya mayi akulira, kukakhala pathabwa, ndiye akusangalala. Ndikanakawauza chiyani kubala kuja? Anthu aja ndi omwe anamuseka za kabati."

"Ndiye munamugoletsera."

"Wina ankayenera kugoletsa."

Woyimbira anabwera akuloza wotchi. Anali wochokera tauni ina, ndipo basi yake inali ya sikisi koloko. Pambuyo pake panali bambo Cirilo, wosamalira bwalo, amene kwa zaka zambiri wakhala akudandaula kuti phulusa limawotcha kapinga, anthu osamumvera.

"A wapampando," anatero bambo Cirilo, "pansi pa benchi palibe kapinga. Ndangoti ndinene."

Amadeo anawongola tayi. Anabwerera pamalo a penate yekha, natenga chimkuzamawu, nakhosomola.

"Banja, mogwirizana ndi akuluakulu a kalabu, laganiza kuti Dalmiro ayambire panja."

Anthu anaomba m'manja. Ena okhala m'mipando ya kumtunda anagwedeza mitu, nati n'zanzeru, wosewera wotere sumuwononga m'chigawo choyamba. Kachitsulo kaja anakakhoma pakhoma la chipinda chovalira monga kanalili, ndi 214 yake, poti zolembedwa pachitsulo sizifufutika ndipo mtolankhani anali atajambula kale.

Masewero anali oipa. Mphepo inkatenga mpira n'kukaupereka kwa amene yafuna. Amadeo sanapite kumpando wake wa pamthunzi pafupi ndi a meya. Anapanikizika pabenchi pambali pa mlongo wake, suti yake ikukhudzana ndi chidebe, ndipo chigawo chonse choyamba sananene kanthu, zimene anthu a m'tauniyo anazikumbukira nthawi yaitali kuposa mwambo weniweniwo.

Kutatsala mphindi khumi kuti masewero athe, kochi anacheuka, nayang'ana pabenchi, naitana wina. Nilda anachotsa mbendera, naipinda, naipereka kwa Amadeo. Anagwada, chijasi chikukhwekhwereza pansi, natsegula kabokosi. Bambo Cirilo anali atapalasa kale kadzenje kumapeto kwa benchi, kumbali yosafika mphepo. Phulusa linalowa lonse. Amadeo anakankhira dothi ndi nsapato yake yopolishidwa, kenako anaona kuti sizikukwanira, nagwada n'kumalizitsa ndi manja.

Atakhalanso, Nilda anatulutsa chikho cha Dalmiro, chakuda ndi ukalamba, ndi kapaipi kake kachitsulo. Anathiramo masamba a yeriba, nachipendeketsa, nathira madzi a m'fulasiki pang'onopang'ono m'mbali. Choyamba anamwa yekha. Chinali chowawa. Anathiranso madzi.

Amadeo anapukuta manja pa thalauza, natambasula dzanja.

Nilda anadutsitsa chikhocho patsogolo pake, nachipereka kwa goloboyi wachiwiri, Fabio wophika buledi, bambo wa ana atatu amene anali asanalowe m'bwalo chiyambire chaka. Fabio anavula gulovu imodzi ndi mano, nalandira.

Wapampando anabweza dzanja lake, naliika pabondo, nadikira nthawi yake.