Thumba la m'Chigafa cha a Nelson

Pali chinthu chimene Feliya anali asanauzepo munthu, ngakhale mayi ake omubala: thumba limene a Nelson anaphulikira nalo diso linali lake.

Anayamba kutola zinthuzo ali Fomu 1. Tsiku la msika pa Chulu, amayi Patuma akamasula belo la kaunjika, pansi pake pamatsala tinthu tosagulika. Anthu amalimbirana majekete, Feliya n'kumaima pambali manja ali kumbuyo.

"Tenga mwanawe, ukundichotsera zinyalala," amatero amayi Patuma.

Motero anasonkhanitsa timipira tagalasi topachika pa mtengo wa Khirisimasi, kamngelo kothothoka phiko, belu wopanda lilime, ndi kachidole ka nkhalamba ya ndevu zoyera kamene kamaseka ukakasindikiza pamimba. Kapamtima pake kanali kagemu kotuwa ka mabatani anayi, kakale kuposa mwini wakeyo. Akaikamo mabatire, timanjerwa timagwa kuchokera pamwamba pa kagalasi, iye n'kumatiyala m'mizere. Chaka chimene chinthu chilichonse chinapangidwa amachiwerenga pa tizilembo ta kunsi, n'kuchilemba kuseri kwa kope la masamu.

Bambo ake, omwe anali mkulu wa mpingo, atapeza zidole ziwiri zoyamba anaziponya pamoto, amvekere m'nyumba mwawo simulowa mafano. Zotsalazo Feliya anaziika m'thumba la feteleza n'kukalisomeka kudenga kwa chigafa cha a Nelson, chimene chinali pafupi ndi chawo. A Nelson anali obwera, a ku Phalombe. Anafika ngati tenanti wolima fodya, pambuyo pake n'kupeza kamunda kawokawo. Samayankhulayankhula, samafunsafunsa. Feliya anasankha chigafa chawo chifukwa cha chomwecho.

Chaka china matalala anagwa mu Febuluwale. Anang'amba fodya wa mabanja asanu, n'kukalekeza m'malire mwa munda wa a Nelson ngati pali wawalozera. Anthu anayamba kunong'onezana.

Lachiwiri lina masana, a Nelson anaitana anzawo kuti awathandize kutsitsa fodya wouma m'chigafa. Feliya analipo, akulandira mitolo. Bambo wina pokoka mtengo wopachikapo fodya anagunda thumba lija, ndipo kudenga kunamveka kuseka. Mabatire a kachidole ka nkhalamba kaja anali akutha, choncho kusekako kunali kokoka, kwa manzenene, ngati kwa munthu wotsamwa.

Onse anayang'ana kudenga.

Analitsitsa thumbalo ndi mtengo, palibe anafuna kuligwira, n'kulikhuthulira padzuwa. Kamngelo kanagwa chagada, singano ili chobaya pakhosi, ulusi wofiira ukulendewera. Feliya amakasoka mutu tsiku lina, mayi ake atamuitana anasiyira pomwepo.

"Achimwene, ameneyu mwamubaya pakhosiyu ndi mwana wa yani?" anafunsa a Fainala, mayi wamasiye amene matalala sanamusiyire ndi tsamba limodzi lomwe.

"Sindikuzidziwa ine zimenezi, anthuni," anatero a Nelson.

"Zinabwera zokha eti? Zinakwera basi?"

Wina anagunda kagemu ndi chala cha kuphazi, n'kuyaka. Onse anawerama. Timanjerwa tinayamba kugwa, kamodzikamodzi, kudzaza pansi.

"Si awa matalala aja," anatero a Fainala mwapansipansi. "Amagwetsera apa. Taonani, akugwabe."

Woyamba kumenya anali bambo ake a Feliya. Mtengo wa fodya uja unatera a Nelson pakhutu, nagwada. Ena anatola zibonga, ena njerwa. Anawagwetsera chafufumimba, kuwaponda msana, kuwatembenuza, kuwapondanso. Bambo wina anaphwanya timipira tagalasi m'chikhatho cha a Nelson ndi chidendene, akuwauza kuti atchule amene anawagulitsa mankhwalawo. A Nelson amangoitana dzina la mkazi wawo. Njerwa ina inawapeza padiso lakumanzere, ndipo chimene chinatuluka pamenepo sichinali magazi okha.

Feliya anaima pakhomo pa chigafa, mtolo wa fodya uli pachifuwa. Pakamwa anatsekula. Zinali ngati ku sukulu aphunzitsi akamuloza, yankho akulidziwa bwinobwino koma lilime litauma gwa. Anaona dzanja la bambo ake likukwera ndi kutsika, n'kukumbuka kulemera kwa dzanja lomwelo. Anatsekanso pakamwa.

A Rute, akazi awo a Nelson, anabwera chothamanga n'kudziponya pa amuna awo. Ndodo ziwiri zitatu zinawatera pamsana ndi kumaso, kenako anthu anatopa. Madzulo ake a Nelson anawatengera ku chipatala pa ngolo, atawafunditsa chitenje. Thumba analitentha.

Kutacha, amuna anasonkhana pabwalo pa kwawo kwa Feliya. Anagwirizana kuti chigafa ndi nyumba ya a Nelson zipse dzuwa lisanafike pamutu, a Rute atenge ana awo awiri azipita kumene anachokera. Anapopa petulo mu njinga yamoto n'kudzaza mabotolo awiri. Feliya anawatsatira chapatali.

A Rute anali atakhala pakhomo, ana ali m'kati. Nkhope inali yotupa mbali imodzi.

"Tulutsani ana, mayi," anatero bambo ake a Feliya.

"Ndipite nawo kuti? Mutitenthere momwemo. Inu ndinu akulu a mpingo, muyambe mwapemphera."

"Mayi, musatiyese."

Petulo anawaza pa udzu wa denga. Fungo linafika pamene Feliya anaima, pansi pa mtengo wa mango. M'nyumbamo mwana wamng'ono anatsokomola. Bambo ake a Feliya anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa machesi.

Feliya miyendo inamunyamula yokha. Anadutsa pakati pa amuna aja, nagwada pafupi ndi mapazi a bambo ake monga amachitira powapatsa madzi.

"Abambo."

"Choka apa iwe, pita kwa amako."

Feliya ananena, koma motsitsa kwambiri. Bambo ake anawerama pang'ono, kamtengo ka machesi kali pakati pa zala.

"Ukuti chiyani?"

Feliya anayang'ana a Rute, kenako anakweza mutu.

"Thumba lija ndi langa, abambo. Ndinalibisa ndine. Singano ija ndinabaya ndine."