Mzere Wachikasu

Kachetechete ankasita ovolosi yake pang'onopang'ono, akubwereza pakolala ngakhale panali patawongoka kale. Achimwene ake, amene adamupatsa dzinali ali mwana, adaima pakhomo akumanga mabatani a malaya. Adafunsa ngati makina akufakitale amachapanso zovala, poti ovolosiyo inkabwerako yoyera ngati mmene idapitira.

"Kapena, mlongo wanga, adakupatsa udindo woyang'anira tiyi?"

Iye adangomwetulira. Achimwenewo sankadziwa kuti alasa penipeni.

Yunivesite idamutumiza, pamodzi ndi anzake awiri, kufakitale yopanga makatoni kuti akaphunzire ntchito ya makina. Popanda zimenezi sakanamaliza maphunziro. Koma kumeneko kunali mzere wachikasu wopentedwa pansi, ndipo ophunzira sankaloledwa kuudumpha. Ankati chaka china wophunzira adadzicheka chala, bwana wa fakitaleyo n'kulumbira kuti sadzaonanso magazi a mwana wa eni. Choncho atatuwo ankatsuka makapu, kusesa zidutswa za makatoni, makinawo n'kumawaonera patali.

Tsiku limenelo mphunzitsi wawo adabwera kudzaona mmene akuchitira. Bwana adawagawira zipewa zolimba zatsopano, zikadali ndi fungo la pulasitiki, n'kuwanong'oneza kuti akaime pambali pa makina odulira, agwire chitsulo chilichonse, kuti mphunzitsiyo awajambule pafoni. Anzake awiri adadumpha mzere. Kachetechete adaima, nsonga za nsapato zili papenti.

"Tiye, mwana wanga, nthawi ikupita," adatero bwana.

Koma Kachetechete sadasunthe. Mphunzitsi adatsitsa foni n'kufunsa chimene chavuta.

Kapitawo, mayi wachikulire wamawu aakulu, adapukuta manja pasanza n'kuseka. Adati mwanayo akungosunga lamulo la bwana, ndipo pa ophunzira onse amene adadutsa pamenepo sadaonepo womvera chotere. Adaonjeza kuti iye watopa kuona ana a kuyunivesite akuphunzira kutsuka makapu, zimene amayi awo adawaphunzitsa kalekale. Antchito adaseka chakumbali.

Bwana adavula magalasi. Sadali munthu woipa, mantha ndiwo adamukulira. Adafotokoza za chala chija, mawu akunka nachepa. Mphunzitsi adayankha modekha kuti ngati zili choncho, miyezi imeneyi siwerengedwa, ndipo atatuwo adzayambiranso kwina chaka chamawa.

Bwana adayang'ana mtsikanayo nthawi yaitali, kenako adapumira m'mwamba.

"Chabwino. Wouma mutuyu mutengeni, akapitawo. Kuyambira lero ali m'manja mwanu. Koma chala chikachoka, mlandu ndi wanu."

"Zanga zonse zilipo, bwana, ndipo ndakalambira pamakina omwewa," adayankha kapitawo, akutambasulira Kachetechete dzanja.

Iye sadalilandire msanga. Mawu ake adatuluka aang'ono, moti antchito adachita kuyandikira. Adathokoza, n'kunena kuti adabwera atatu, ndipo yekha sapita.

Bwana adakanda m'mutu, adayang'ana kapitawo, amene adagwedeza mutu kuvomera. Ndiye bwanayo adagwetsa manja n'kuseka, nati atengedwe onse, chaka chisawapite pachabe. Anzake awiri aja adayang'anizana, nkhope zili ngwee. Mphunzitsi adakwezanso foni kuti ajambule.

Kachetechete adatukula dzanja kumuletsa. Ulendo uno mawu ake adamveka kwa onse.

"Aphunzitsi, dikirani kaye. Bwana, ngati mukutiopera zala, tiphunzitseni poziika. Chithunzicho mudzatijambule tsiku limene tidzayatse makinawa tokha."