Mfundo Yachitatu pa Khosi la Thasleema

Zonse zinayamba ndi ziwengo. Mtsikana wa ku Mumbai amene ankasewera ngati mkwatibwi m'filimu atangoyesa kuvala ulusi wopaka chikasu m'mawa uja, khosi lake linatuluka ziwengo mpaka kuseri kwa makutu. Anakadzitsekera m'galimoto yake yozizira n'kunena kuti satulukamo mpaka abwere dokotala wake. Dokotalayo anali ku Chennai, pamene gulu lonse lojambula filimu linali pakachisi wa m'mudzi kuseri kwa Chengalpattu, Lachisanu masana, dzuwa likuswa mtengo.

Thasleema anali pansi pa mtengo wa bwemba, akusita malaya a osewera. Ntchito ya zovala inali ya bambo ake, a Jainulabdeen, amene aliyense ankangowaitana kuti Jainu Bhai. Anali telala wa m'mafilimu kwa zaka makumi atatu, ndipo Thasleema anali dzanja lawo lamanja. Nthawi imeneyo n'kuti mkuluyo atabwereka njinga kupita kumzikiti wa mudzi woyandikana kukapemphera.

Filimuyo inali yobwereza. Inayamba kujambulidwa ku Kerala, anthu n'kuikonda, ndiye a Dhandapani, mkulu wojambulitsa mafilimu, anagula nkhani yake kuti aijambulenso m'Chitamil. Munthuyo analibe nzeru yakeyake ngakhale imodzi. Ankayenda ndi filimu yakaleyo m'foni, ndipo kukadutsa mbuzi mmenemo, nayenso ankaitanitsa mbuzi. Nkhani yake inali ya mnyamata wachihindu amene anakonda mtsikana wachisilamu, makolo n'kukana, kulira n'kuchuluka, pomaliza onse n'kukumbatirana. Jainu Bhai ankasoka zovala zake mosanyinyirika, koma kunyumba ankanena akudya kuti, “M'kanema bambo amakhululuka chifukwa nyimbo yomaliza yayandikira. M'nyumba muno mulibe nyimbo.”

Akanena choncho, Thasleema ankangoyang'ana m'mbale. Kwa zaka ziwiri anali pachibwenzi ndi Kathiresan, wothandizira wa a Dhandapani, Mhindu wa ku Madurai wopaka phulusa pamphumi m'mawa uliwonse. Anagwirizana kuti asatsegule pakamwa mpaka ukwati wa Rizwana, mng'ono wake wa Thasleema, utadutsa. Kunatsala masabata atatu. Akuchimuna anali ogulitsa zikopa a ku Vaniyambadi, anthu ofufuza mbiri ya banja mpaka ya agogo, ndipo kamphekesera kamodzi kanali kokwanira kuti abweze mawu. Thasleema ankadziwanso kuti bambo ake akadziwa, khomo la kwawo lidzamutsekekera.

“Khosi! Ndikungofuna khosi basi!” anakuwa a Dhandapani, akuonetsa anthu foni yawo. “Taonani apa, nkhope sikuoneka. Mpango wakuda, khosi, manja a mnyamata, mfundo, zatha. Dziko lonseli mulibe khosi?”

Maso awo anayendayenda n'kukaima pansi pa bwemba. Mpango wakuda Thasleema anali atavala kale, wakewake.

“Mwana wa Bhai, tabwera kuno.”

“Bwana, bwanji tidikire Vaappa abwere?” Umu ndi mmene ankawaitanira bambo ake.

“Abwere liti? M'mawa wonse ndawononga kudikira kuti nthawi yatsoka idutse, tsopano wansembe akuti yabwinoyo yatsala theka la ola. Kodi ndakufunsira ukwati? Ndikungobwereka khosi, ndikubwezera.”

Anthu anaseka. Kukana pamaso pa gulu lonselo kukanawaika bambo ake pamoto, choncho anazimitsa simbi n'kupita. Mnyamata wotchuka amene ankasewera ngati mkwati anali mtulo, ndipo womusamalira anati bwana wake sangadzukire manja okha. A Dhandapani sanaganize kawiri. Anamuveka Kathiresan wotchi ndi mphete za mkwatiyo n'kumukankhira pamkeka.

Thasleema atakhala pansi, anayang'ana uku ndi uku. Moto unali weniweni. Wansembe anali mwinikachisi weniweni, nkhalamba yosadziwa kuyerekezera, imene ikayamba pemphero imalimaliza. Oimba ng'oma ndi chitoliro anali omwe amaimba m'maukwati a m'deralo, ndipo azimayi a m'mudzi amene analembedwa kuti adzaze malo anali atafumbata kale mpunga wachikasu m'manja. Chabodza pamenepo chinali kamera yokha.

“Ziwiri,” ananong'ona Thasleema, osamuyang'ana Kathiresan.

“Ndikudziwa.”

Ndani sankadziwa? Ulusi wachikasu wa thali ukamangidwa katatu pakhosi la mkazi, moto ukuyaka, ng'oma zikulira, umenewo ndi ukwati, kaya wina aseke. N'chifukwa chake Jainu Bhai, Msilamu wosajomba kumzikiti, anali ndi lamulo lake pa ulusi uliwonse wotuluka m'bokosi lake: mfundo ziwiri, yachitatu wosewera angoyendetsa zala. Ankati mwambo wa eni ake sasewera nawo. Osewera akuluakulu omwe ankamvera.

Ng'oma zinakwera. Thasleema anaweramitsa mutu, n'kumva zala za Kathiresan kuseri kwa khosi, zonyowa ndi thukuta. Mfundo yoyamba. Yachiwiri. Kenako zala zinaima.

“Yachitatu!” anakuwa a Dhandapani, diso limodzi pafoni. “Wa ku Kerala anamanga zitatu! Manga, iwe!”

Akanatha kungoyendetsa zala ngati anzake onse. Koma Thasleema anamva ulusi ukuzungulira, ukulowa, kenako ukukokedwa mpaka kuthina. Mpunga unagwa pamutu pake ngati mvula ya matalala, azimayi analuluta, wansembe anakweza manja. Thasleema sanadziwe ngati akufuna kumumenya mbama Kathiresan kapena kumugwira dzanja.

Atadzutsa mutu anaona bambo ake. Anaima pachipata cha kachisi, chipewa choyera kumutu, nsapato m'manja.

Sanathamange. Anayenda pang'onopang'ono, anthu akupatuka, mpaka anafika kumbuyo kwa mwana wawo. Anatukula mpango pang'ono n'kuwerenga mfundo ndi chala.

“Wamanga ndani?”

“Ine, Bhai,” anatero Kathiresan, mawu akutuluka mopanda mphamvu. “Bwana anati...”

“Wakhala nafe zaka zingati, iwe?”

“Zinayi.”

“Zinayi, osadziwa kuwerenga mpaka pawiri?”

“Aa, Bhai, musakulitse nkhani,” anatero a Dhandapani, akuyang'ana zimene ajambula. “Zatuluka bwino kwabasi. Muvuleni ulusiwo, tikadye.”

Jainu Bhai anayesa kumasula ndi zikhadabo, koma mfundo yonyowa ndi chikasu inali itagwirana. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa sizasi yawo. Pomwepo mayi wina wa m'mudzi, a Ponnuthayi, amene m'mawa wonse ankatafuna fodya n'kumalongolola za kuchedwa kwa tiyi, anakuwa ngati waponda moto.

“Ayi! Bambo inu, mwapenga? Mukufuna kumupha mnyamatayu? Thali amadula mwamuna atafa!”

“Amayi, iyi ndi filimu.”

“Filimu? Moto uwu ndi wa filimu? Mulungu ali mkatimo ndi wa filimu? Ife tinaona ndi maso athu, zitatu! Afunseni ansembe.”

Wansembe anayang'ana kudenga, n'kunena kuti iye anangowerenga zimene amawerenga nthawi zonse. Azimayi enawo anayamba kung'ung'udza, ena akuyandikira.

“Ulusi uwu ndinaupota ndine,” anatero Jainu Bhai. “Chikasu ndinapaka ndine dzulo, pamodzi ndi zingwe za makatani. Mwana uyu ndi Msilamu. Za moto wanu sizimukhudza.” Anawerama. “Si choncho, mwanangu?”

“Ndi choncho, Vaappa,” anayankha Thasleema. “Dulani. Ndi filimu chabe.”

Ananena ndi mtima wonse. Ankaganiza za Rizwana, za anthu a ku Vaniyambadi, za mayi ake amene anali atayitana kale abale a ku Nagore. Anaona nkhope ya bambo ake ikumasuka, ndipo anawamvera chisoni. Chitsulo chozizira chinakhudza khosi lake, n'kulowa pansi pa ulusi.

Dzanja lake silinamufunse. Linangokwera lokha n'kufumbata ulusiwo pachifuwa, mwamphamvu, mmene amachitira mkazi aliyense wa m'dzikolo akamva kuti mwamuna wake wachita ngozi. Anazindikira dzanja lili kale pamenepo. Anayesa kulitsitsa, koma zala zinakana kutambasuka.

Maso onse pakachisi anali pa dzanjalo. Ngakhale a Ponnuthayi anasiya kutafuna.

Jainu Bhai anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana Kathiresan, amene misozi inali italengeza m'maso, ndipo munthu wamanyazi chabe salira choncho. Anatulutsa sizasi pansi pa ulusi mosamala kuti asamucheke mwanayo.

“Tiye kumtengo,” anatero.

Pansi pa bwemba panali malaya aja atatsala theka kusita. Kathiresan anawatsatira, koma mkuluyo anangotukula chala osatembenuka, iye n'kuima padzuwa pomwepo.

“Kuyambira liti?”

“Zaka ziwiri, Vaappa.”

“Zaka ziwiri.” Anagwedeza mutu. “Ukudya nane mbale imodzi, ukundimva ndikulankhula, uli phee. Ndiye lero mwapangana kuti mundichititse manyazi pamaso pa anthu amene ndagwira nawo ntchito usanabadwe?”

“Sitinapangane! Ndinamuuza kuti ziwiri. Ndikulumbira, ndinamuuza.”

“Ndiye kuti sakumvera ngakhale iwe. Ameneyo ndiye mwamuna wako?”

Mawuwo anamubaya chifukwa anali oona. Anatembenuka kumuyang'ana Kathiresan, ataima ngati mtengo wa magetsi, wotchi ya mwini ikulendewera pamkono. Anamupsera mtima kwambiri. Masabata atatu okha anamukanika kudikira, ndipo tsopano woti alipire anali iye, osati mnyamatayo. Koma ngakhale mkwiyowo unali wa munthu wake, wokakangana naye kunyumba chitseko chili chotseka.

Bambo ake anamugwira dzanja, n'kuikamo sizasi.

“Ine sindidula. Dula wekha. Ukadula, tikwera basi ya madzulo tonse, tikafika kunyumba ukadya, ukagona, ndipo ine sindidzakufunsanso za mnyamatayu mpaka kufa kwanga. Anthu awa ndilankhula nawo, aiwala. Amayi ako sadzamva. Dula, mwanangu.”

Sanali kukalipa. Akanakalipa zikanaphweka. Ankapempha, munthu amene Thasleema anali asanamuonepo akupempha kanthu kwa wina aliyense. Iye anatsegula sizasi. Anaikweza mpaka pakhosi, ulusi n'kulowa pakati pa mano ake. Kunangotsala kufinya zala ziwiri, ntchito imene ankaichita kambirimbiri tsiku lililonse osaganiza n'komwe.

Kukachisi kuja a Dhandapani anali atayambanso kukuwa kuti wina akadzutse mkwati. Khwangwala anatera pabokosi la zovala, n'kuulukanso.

“Vaappa, ndikhululukireni,” anatero, misozi ikugwera pa mpango. “Sindingathe.”

Anatsitsa sizasi. Bambo ake anailandira, anaipukuta chikasu ndi m'mphepete mwa malaya, n'kuibwezera m'thumba. Anakhala pabokosi ngati munthu wotopa ndi ulendo wautali, akuyang'ana mapazi awo opanda nsapato. Atayambanso kulankhula, mawu awo anali a ntchito, omwe ankalankhulira ndi ogulitsa nsalu.

“Gululi mawa likupita ku Pollachi kukajambula nyimbo. Upite nalo. Amayi ako ndikawauza kuti a Dhandapani akakamira kuti ukayang'anire zovala kumeneko. Vaniyambadi ndi kutali, mwina masabata atatu angathe nkhani isanafike. Usaimbe foni kunyumba. Rizwana akakuimbira, unene kuti ntchito yachuluka.”

“Nanga tsiku la ukwati?”

“Udzadwala. Malungo.”

“Vaappa, ndi mng'ono wanga!”

“N'chifukwa chake.”

“Nanga ukwati ukatha? Ndidzabwere?”

Bambo ake anaimirira, anapinda malaya otsala aja osasita, n'kuyamba kulongedza m'bokosi, chilichonse pamalo pake. Thasleema anatambasula dzanja kuti awathandize, iwo n'kusuntha bokosilo pang'ono, osati mwaukali, kungoti lisafikirike. Anaima manja ali lende, akusakasaka choti anene, chilichonse chimene chikanawachititsa kumuyang'ananso kumaso.

“Diresi la Rizwana,” anatero. “Mikanda ya m'manja sindinamalize. Dzanja lamanzere lonse latsala, ndipo inu maso anu pa mikanda ing'onoing'ono ija...”

Jainu Bhai anatseka bokosi n'kukhoma loko.

“Ndikamaliza ndekha,” anatero.