Mayeso a Keziah ndi Mvula Yoyamba

Keziah wa ku Nyampande anawelenga chilimwe chonse kukonzekela mayeso olowela kukoleji ya uphunzitsi, mpaka mbuzi za pamudzi zinayamba kudziwa masamu! Amalume ake, a Njobvu, tcheyamani wa chipani, analonjeza kumupeleka panjinga kuboma ku Petauke.

Tsiku la mayesolo kunacha mvula yoyamba itagwa. Keziah atatuluka ndi pensulo m'manja, anapeza amalume atachotsa tcheni cha njinga.

"Amalume, ndichedwatu! Mayesowa salembedwa kawili."

"Nanga mvula yoyamba imagwa kawili? Satifiketi tidzadya?" Anamuponyela khasu uku akuseka. "Kalembe kumunda, mizele yowongoka. Wochonga ndine."

Keziah anabzala chimanga misozi ili chuchuchu mpaka dzuwa kupendeka, anzake akulemba kuboma.